Diwa, msampha, mphaka kapena mankhwala: chimapulumutsa chimanga ndi chiti?

Khoswe wa m'nyumba ndi mbewa ya m'munda si nyama imodzi, ndipo njira yothana ndi wina imatha kukhala yopanda ntchito, mwinanso yoopsa, mukaigwiritsa ntchito pa mnzakeyo. Khoswe ndi katswiri wokwera. Amagona kutsindwi, amayenda pamitanda ndi pamwamba pa khoma, n'kumatsika usiku kudzaboola matumba. Chinthu chachilendo chimene mwaika panjira yake amachilambalala masiku angapo asanachikhudze. Mbewa, makamaka kapuku, imakhala ku una ndipo siichita mantha kwambiri, koma imaswana mochititsa nthumanzi: bere lake limatenga masabata atatu ndi masiku ochepa, ndipo kubereka ana khumi kapena kuposa apo ulendo umodzi si zachilendo. Kusiyana kwina n'kwa m'mbale. Khoswe sitidya. Mbewa ndi ndiwo, ndiponso ndi malonda, monga adziwira aliyense amene anadutsapo mumsewu wa M1 cha ku Dedza ndi ku Ntcheu anthu atakolola, anyamata akukwezera magalimoto mipani. Chilichonse chimene mwathira m'munda kuti chiphe mbewa chikhoza kuthera m'mimba mwa mwana wa munthu.

Muyeso wanga poyerekeza njirazi ndi umodzi: pofika Januwale ndi Febuluwale, m'nyumba mwatsala chimanga chochuluka bwanji? Mitembo ya makoswe imene yaunjikana kudzala imasangalatsa mtima, koma siyankha funso limenelo.

Diwa ndi ndowa ya madzi

Diwa silifuna ndalama. Mwala waphanthiphanthi, kamtengo kochirikiza, kachingwe ndi nyambo ya chimanga chokazinga kapena mtedza, basi. Mbewa ikakoka nyambo, mwala umagwa n'kuiphera pomwepo, ndipo ndiwoyo imakhala yabwino chifukwa mulibe poizoni. M'munda, pafupi ndi mauna ndi m'tinjira ta mbewa, diwa ndi lovuta kulinyoza. Vuto lake ndi ntchito. Diwa limodzi limagwira nyama imodzi usiku wonse, ndiye kuti muone kusintha pa ekala mumafunika madiwa ambiri, aliwonse otchera madzulo ndi kuwonjola m'mamawa nyerere ndi agalu asanakutsogolereni. Kutchera kwake n'kwa luso ndithu. Mukalimbitsa, mbewa imadya nyambo n'kuchoka ili gwa. Mukafewetsa, limagwa ndi mphepo. M'nyumba sindililimbikitsa, chifukwa mwala umene ungaphe khoswe wamkulu ungathyolenso chala cha mwana wokwawa kapena kuphwanya mwanapiye.

Ndowa ya madzi imaposa diwa pa chinthu chimodzi: siyifuna kutcheranso ikagwira. Mumakumba dzenje, n'kukwirira ndowa kapena mtsuko mpaka m'milomo, n'kuthiramo madzi osafika pakati. Pamwamba mumapingasa waya wopisa m'chitsononkho kapena m'kachitini, kuti chizizungulira, ndipo mumachipaka chiponde kapena madeya onyowa. Mbewa ikaponda kuti inyambite, chitsononkho chimatembenuka, iyo thibu m'madzi. Usiku wabwino ndowa imodzi imagwira zingapo. Kwa mlimi amene mbewa zikumufukulira mbewu m'mapando mvula yoyamba itangogwa, iyi ndiyo njira yotsika mtengo imene imachotsa zambiri mwachangu. Kwa khoswe wamkulu wa kutsindwi siyidalirika, poti ndi wochenjera ndipo madzi akachepa kapena ndowa ikakhala yaifupi amalumpha n'kutuluka. Pakhomo pamene pali ana aang'ono ndowa yokwirira isakhalepo n'komwe.

Msampha wa sipuling'i

Uwu ndi umene ndimauikira kumbuyo pa nkhani ya m'nyumba, ngakhale ambiri amene anaugulapo amati ndi wachabe. Nthawi zambiri wolakwa si msampha. Munthu amagula umodzi, amautchera pakati pa chipinda ndi chidutswa cha nsima, amagwira khoswe mmodzi usiku woyamba, kenako masiku anayi osagwira kanthu, n'kuuponya kuseri kwa kabati.

Khoswe sayenda pakati pa chipinda. Amatsata khoma, ndevu zake zikukhudza chipupa, ndipo njira yake imaoneka ndi zitosi komanso kuda kwa mafuta a m'thupi mwake pamitanda. Msampha uikidwe mopingasa njirayo, mbali ya nyambo itagunda khoma, kuti ngakhale khoswe wosafuna kudya apondepo. Wina mangirirani pamtanda wa kudenga ndi waya. Masiku awiri kapena atatu oyamba ikani nyambo koma musatchere, adye mwaulere mpaka mantha athe. Mukatchera usiku wotsatira mumagwira ndi akuluakulu omwe, amene ndiwo amaswa. Nyambo ikhale yonunkhira ndi yosachoka msanga: mutu wa usipa womangirira ndi ulusi, chiponde chopaka, kapena mtedza wokazinga wobaya pa kachitsulo. Nsima imauma, ndipo khoswe amaitsomphola msampha osafwamphuka.

Pogula, yang'anani kukula ndi mphamvu ya sipuling'i. Timisampha ting'onoting'ono ta thabwa n'ta mbewa. Khoswe timangomuvulaza, ndipo khoswe amene wapulumuka pamsampha sabwereranso. Ya thabwa imafufuma ndi chinyezi n'kuzuka timisomali. Yachitsulo imakhalitsa koma imachita dzimbiri, imafuna kadontho ka mafuta ophikira nthawi ndi nthawi. Yapulasitiki yolimba, ya mano ngati nsagwada, ndi yosavuta kutchera ndi kutsuka ndipo siyiluma zala za mwini wake, koma mtengo wake ndi wokwererapo ndipo m'magolosale a kumudzi siyipezeka kawirikawiri.

Chinsinsi chachikulu n'chakuti misampha ichuluke ndipo itcheredwe tsiku ndi tsiku, miyezi, osati sabata imodzi. Apa m'pamene pamagona kufooka kwa njirayi. Mukapha makoswe a m'nyumba mwanu, a kwa aneba amaona malo ndi chakudya zopanda mwini, n'kusamukira. Nyumba khumi zoyandikana zikagwirizana kutchera nthawi imodzi, ngakhale mobwerekana misampha, zotsatira zake zimakhala zina. Ndi nkhani yoyenera kuikamba pabwalo la amfumu kapena ku kalabu ya alimi, ngati mmene timachitira ndi katemera wa chitopa.

Zomata za ulimbo zogulitsa m'mashopu sindikhalitsapo. M'nyumba yozira, fumbi limapha ulimbowo m'masiku ochepa, zimagwira abuluzi ndi anapiye, ndipo khoswe wogwidwa amalira usiku wonse akukodzera pomwepo, inu n'kudzamupha nokha m'mawa.

Mphaka, galu ndi kadzidzi

Mphaka amapha makoswe ochepa kuposa mmene timaganizira. Khoswe wamkulu amphaka ambiri amamuopa, ndipo kutsindwi la udzu mphaka safikako bwino. Phindu lake lenileni ndi mantha amene amabweretsa. Kafukufuku wina wa m'midzi ya ku Eswatini, amene anatuluka mu 2017, anapeza kuti pakhomo pamene pali mphaka ndi galu limodzi makoswe amachepetsa kwambiri kuyendayenda ndi kudya, pamene pakhomo pa mphaka yekha kapena galu yekha kusiyana kwake kunali kochepa. Ndiye mphaka ndi mlonda wothandiza, koma kumusiyira yekha matumba makumi awiri ndi kumunamizira. Ndipo musamumane chakudya poganiza kuti njala imuphunzitsa kusaka. Mphaka wanjala amayamba ndi anapiye ndi ndiwo za mumphika, kenako amasamuka.

Mlenje woposa onsewa timamuthamangitsa ndi miyala. Kadzidzi amadya mbewa zingapo usiku uliwonse, ndipo akakhala ndi ana amachita kuzituta. Kumayiko ena, monga ku Israel, alimi amamukhomera mabokosi m'minda kuti aswerane. Kwathu kuno akalira padenga anthu amati ndi malodza, ndipo sindikuyembekeza kuti nkhani imodzi ingasinthe zimenezo. Chimene ndingapemphe n'chochepa: amene wamanga chisa mumtengo wa kumunda, kutali ndi nyumba, musiyeni.

Mankhwala

Anthu amathamangira kuno chifukwa zotsatira zake zimaoneka ndi maso. Koma mankhwala a makoswe ali m'magulu osiyana kwambiri, ndipo wogulitsa pamsika nthawi zambiri sakuuzani kuti wakupatsani ati.

Gulu loyamba ndi la opha msanga, monga zinc phosphide, ufa wotuwa moderako wonunkha ngati adyo. Ukafika m'mimba umatulutsa mpweya wa poizoni, ndipo khoswe amafa m'maola ochepa kapena tsiku limodzi. M'mawa mumatola mitembo n'kuganiza kuti nkhondo yatha. Koma khoswe amalawa pang'ono kaye. Amene walawa, n'kudwala, n'kuchira, nyambo imeneyo sadzaidyanso, ndipo otsalawo ndi amene amadzazanso nyumba m'miyezi iwiri kapena itatu. Munthu kapena chiweto chikadya mankhwalawa palibe mankhwala enieni owasukulutsa.

Gulu lachiwiri ndi la oletsa magazi kuundana, aja amabwera ngati timibulu kapena timabuloko ta mtundu wa buluu, wofiira kapena wobiriwira, okhala ndi mayina ngati brodifacoum ndi bromadiolone pachikutiro. Awa amapha patatha masiku atatu mpaka sabata, choncho khoswe sazindikira chimene chamudwalitsa ndipo anzake amapitiriza kudya. Pa kupha, amaposa gulu loyamba. Alinso ndi chowasukulutsa kuchipatala, vitamini K1, munthu akafika msanga. Zoipa zake ndi ziwiri. Khoswe amakafera kobisika, kutsindwi kapena kuseri kwa matumba, fungo n'kukhala sabata. Choopsa kwambiri n'chakuti masiku amene akudwalawo amayenda mozandima masanasana, poizoni ali m'chiwindi, ndipo mphaka, galu, nkhuku kapena kadzidzi amene wamudya amalandirako. Mukhoza kupha makoswe pamodzi ndi alonda anu onse, makoswe n'kubwerera okha chifukwa amaswana msanga kuposa amphaka.

Gulu lachitatu ndi timibulu takuda ta m'timapepala topanda dzina, timene ambiri amati tameki. Dzinali likuchokera ku Temik, mankhwala amene anapangidwira tizilombo ta m'nthaka, osati makoswe. Pang'ono pokha amapha munthu, ndipo miyoyo yambiri yatayika nawo, ina mwangozi ina mwadala. Lamulo la mankhwala ophera tizilombo la m'chaka cha 2000 limafuna kuti wogulitsa akhale ndi chilolezo cha bungwe la Pesticides Control Board ndiponso kuti mankhwala akhale m'chikutiro cholembedwa bwino. Kapepala kopindapinda ka pamsika sikakwaniritsa chilichonse mwa izi. Musagule, ndipo ngati kali kale m'nyumba, kasagone m'chipinda chimene muli ana kapena munthu amene akuvutika maganizo. Chimodzimodzi mapilitsi ofukizira chimanga aja otulutsa mpweya: ndi a anthu ophunzitsidwa, m'nyumba zosungiramo katundu, osati m'chipinda chogona anthu.

Akuluakulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo makoswe athu amakhaladi pamene pali ufa, ndiwo ndi ana. Ngati mwafika poti mankhwala sangalephereke, monga m'sitolo kapena m'chigayo momwe makoswe achuluka kuposa misampha, sankhani a gulu lachiwiri kwa wogulitsa wovomerezeka. Aikeni m'kati mwa chidutswa cha nsungwi kapena paipi yotalika ngati mkono, chokhomerera m'mbali mwa khoma, kuti nkhuku ndi mwana asafikire. Tolani mitembo tsiku lililonse n'kuikwirira mozama. Wina akameza mwangozi, thamangirani naye kuchipatala mutatenga chikutirocho, osataya nthawi ndi kumumwetsa mkaka kapena kumusanzitsa. M'munda momwe anyamata amasakamo mbewa, poizoni wa mtundu uliwonse asafikemo.

Kutsekera chakudya

Njira zonse zapamwambazi zimalimbana ndi khoswe amene wafika kale. Imene imasunga chimanga chochuluka ndi yomumana chakudya, ndipo ndi imene anthu amaiganizira pomaliza chifukwa siyionetsa mtembo.

Nkhokwe yakale ikhoza kutetezedwa bwino ndithu. Miyendo yake ikhale yotalika pafupifupi mita imodzi, ndipo mwendo uliwonse uvekedwe lata lopinda ngati chipewa choyang'ana pansi, kuti khoswe akakwera agunde denga loterera. Pafupi pasakhale nthambi, mulu wa nkhuni kapena makwerero otsamira, apo ayi malatawo ndi zokongoletsa chabe. Koma tinene zoona: nkhokwe zikutha m'midzi yambiri chifukwa cha akuba a miyendo iwiri, ndipo chimanga chinasamukira kuchipinda, m'matumba. Kusamukaku kunabweretsa makoswe pafupi ndi mphasa. Ngati matumba ali m'nyumba, asanjeni pa thandala la mitengo, asagunde pansi kapena khoma, pakhale mpata woti munthu ndi mphaka n'kuzungulira. Mpata umenewo ndi momwe mumatcheramo misampha ndi kuonera zitosi zatsopano.

Matumba a PICS, amene anapangidwa ndi akatswiri a ku Purdue University ku America, ali ndi mapepala awiri apulasitiki m'kati ndi thumba wamba kunja. Mukamanga lililonse palokha mpweya sulowa, anankafumbwe amafa okha popanda kuthira Actellic, kuphatikizapo nankafumbwe wamkulu uja woboola ndi mitengo yomwe, amene analowa m'dziko muno kuchokera ku Tanzania kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Pa makoswe thandizo lake ndi lapakatikati. Fungo la chimanga silituluka kwambiri, choncho sakopeka msanga, koma mano a khoswe pulasitiki si kanthu, ndipo kabowo kamodzi kamathetsa ntchito yonse ya thumbalo. PICS amafunabe thandala, kusesa njere zotayika, ndi misampha pambali.

Chimene khoswe sangachiboole ndi chitsulo. Nkhokwe ya malata yotseka bwino, kapena mgolo wachitsulo wa chivundikiro chothina umene sunasungepo mafuta kapena mankhwala, zimathetsa nkhani ya makoswe ndi anankafumbwe pamodzi, ndipo zimakhala zaka zambiri. Mtengo wake ndi umene umabweza anthu, poti umafunika wonse nthawi imodzi. Komabe amene amagula mankhwala a makoswe, a anankafumbwe ndi matumba atsopano chaka ndi chaka atawerengetsa bwino angapeze kuti mgolo anaulipira kale kangapo. Chenjezo lake ndi chinyezi. Chimanga chosauma mukachitsekera m'chitsulo kapena m'pulasitiki chimachita nkhungu, ndipo chuku ndi poizoni woposa khoswe. Yesani chonchi: thirani njere ndi mchere wouma m'botolo lagalasi louma, khutchumulani, dikirani pang'ono. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chimangacho chibwerere padzuwa.

Khomo lokhala ndi mpata pansi likhomereni lata, ndipo maenje a m'khoma atsekeni ndi simenti kapena dothi losakaniza ndi magalasi osweka. Pamene pangalowe chala chachikulu, khoswe wamng'ono amadutsa.

Moto, khasu ndi zida za alenje

Kukumba mbewa ndi kufukiza utsi ku una ndi njira yakale, ndipo imachotsadi mbewa zambiri nthawi imene zachuluka, chimanga chitachoka m'munda. Chimene chimawononga ndi moto. Anyamata amatentha tchire ndi mapesi kuti mauna aoneke, ndipo mlimi amene anaphimbira munda wake potsata ulimi wa mtayakhasu amapeza phulusa lokhalokha, akalozera atagumulidwa, mitengo ing'onoing'ono itapsa. Mpani wa mbewa sungalipire manyowa a munda wonse. Mwini munda angachite bwino kugwirizana ndi anyamatawo: atchere madiwa ndi ndowa mmene angafunire, mbewa zikhale zawo, koma machesi atsale kunyumba ndipo maenje akwirire. Mikukwe nayo isakhalitse m'munda, poti pansi pa mkukwe mbewa imapeza denga ndi chakudya malo amodzi. Nthawi imene kutchera kumapindula kwambiri ndi masabata awiri kapena atatu musanadzale, chakudya cha kutchire chitasowa, nyambo iliyonse ikukoma.

Ntchenzi za m'madimba ndi m'mizimbe zimafuna agalu ndi kulambula udzu wa m'mphepete momwe zimabisala. Fuko, amene amadya chinangwa ndi mbatata chapansipansi, nyambo ya pamtunda saiona. Amagwidwa potsegula njira yake n'kumudikirira kapena kumutchera akamabwera kudzatseka, ndipo alimi ena amadzala ombwe m'malire kuti amuingitse. Bwampini ndi wakuba wa mtedza ndi zipatso, ngakhale abale ake ophunzitsidwa ndi bungwe la APOPO ku Morogoro, m'dziko la Tanzania, anathandiza kufufuza mabomba okwirira ku Mozambique. Legeni ndi mfuti ya mpweya n'zosangalatsa anyamata ndipo zimathandiza kuingitsa mbalame m'mapira ndi mumpunga, koma nyama yoyenda usiku m'mitanda simungaithe ndi kuwombera imodziimodzi.

Misampha ya waya wokulunga ndi nkhani ina. Sisankha: imagwira galu, mbuzi, gwape, ngakhale mwendo wa njovu. Ku Liwonde oyang'anira nkhalango achotsa masauzande ambiri a misampha yotere kuyambira 2015, ndipo lamulo la nyama zakutchire limene linakhwimitsidwa mu 2017 lili ndi zilango zofika zaka 30 m'ndende pa nyama zotetezedwa kwambiri. Amene munda wake uli m'malire a Liwonde, Kasungu, Nkhotakota kapena Majete, nguluwe zikamuvuta, akadandaule kwa alangizi ndi a zanyama asanagwire waya.

Mtembo wa khoswe musaugwire ndi manja, kaya wafa ndi msampha kaya ndi mankhwala. Thupi likamazizira, nthata zimachokamo kukafuna magazi ena, ndipo nthata za makoswe ndi zimene zimafalitsa mliri umene achipatala amati plague, womwe unavutapo ku Nsanje mu 2002. Valani jumbo kumanja kapena panani ndi timitengo, mukwirire kapena mutenthe, msampha muutsuke ndi madzi otentha. Ziwiya ndi ufa zimene makoswe akodzera zimadwalitsanso, choncho mbale zigone zovundikira. Ndipo mukaona makoswe akufa okha m'mudzi, popanda amene wathira mankhwala, auzeni alangizi a zaumoyo tsiku lomwelo.